Phulusa la Lachitatu ndi Loweruka

Amalume a Plian si amalume anga enieni. Kwathu kuno kumapiri a Surat Thani, bambo aliyense woposa atate ako zaka ndi malume wako, ndipo iwowa tinayandikana nawo nyumba pamudzi wa manambala. Timautcha choncho chifukwa mtsinje utatsekedwa ndi damu, anthu a m'chigwa anasamutsidwa, banja lililonse n'kupatsidwa puloti ya nambala ndi kamunda ka mitengo ya mphira. Ine ndinabadwira pa nambala 41. Iwo anabadwira ku Na Prue, mudzi umene lero uli pansi pa nyanja, pakuya poti mitengo itatu ya kokonati yoimikizana singatulukire pamwamba.

Madzi akubwera n'kuti ali ndi zaka makumi awiri. Mphira anayesa, koma mitengo yawo inali pamiyala ndipo inkatulutsa utomoni ngati ikuchita kuumira. Anagula kabwato n'kuyamba usodzi pamwamba pa minda ya makolo awo. Kenaka kunabwera lamulo loti nyanjayo ndi malo otetezedwa, mabwato ololedwa ndi okhawo olembetsedwa onyamula alendo. Kulembetsa kunkafuna mapepala ndi anthu owadziwa, ndipo iwo analibe zonsezo. Anagulitsa bwato kwa bwana Wirat, mwini kampani ya maulendo, n'kulembedwa ntchito yoyendetsa bwato lomwelo. Akazi awo anapita ku Phuket kukachapa m'hotela, akuti miyezi isanu yokha. Mpaka lero miyezi isanuyo sinakwane. Amalume anatsala ndi amayi awo, mayi Phrim.

Ine ndine Nui, woperekeza alendo. Chingerezi ndinachitola ndikugwira ntchito kuhotela za ku Phuket komweko, ndipo ndakwera bwato la amalume zaka khumi ndi zisanu. Ntchito yathu siisintha. Minibasi imafika padoko cha m'ma 9 koloko, alendo khumi ndi awiri amavala majekete oyandamitsa, timawapititsa kukajambulitsa pamiyala itatu yotchuka yotulukira m'madzi, amadya mpunga ndi nsomba yowotcha kunyumba zoyandama, amasambira, amalowa m'phanga, 4 koloko tabwerako. Amalume amakhala kumbuyo ndi injini, chipewa chili pamphuno, ine kutsogolo pakamwa pali pululu. Thanthwe lililonse ndimalipatsa dzina ndi mbiri, zina zoona, zina ndimangopeka poona kuti anthu ayamba kuyasamula.

Mayi Phrim nyanjayo sanaionepo n'kamodzi komwe. Ankaitcha chithaphwi. Anali nkhalamba yaying'ono yolusa, mano ofiira ndi masamba a betele amene ankatafuna tsiku lonse, ndipo akakutukwana unkamva kutentha mpaka kumakutu. Mwana wawo akabwera kuntchito ankamufunsa ngati azungu ake asangalala kukodzera padenga pawo. Nchifukwa chake tonse tinadabwa ndi zimene ananena atatsala masiku awiri kumwalira. Ndinalipo, ndinabweretsa phala la mpunga.

"Iwe Plian, mukandiwotcha, phulusa langa usaliike m'khoma la kachisi wa manambalayu," anatero. "Ndakhala pa nambala ndili moyo, zakwana. Ukanditsitse pakhomo panga."

Amalume anati amva. Mayiwo anawalavulira betele pafupi ndi phazi n'kuwauza kuti kumva n'kwina, kuchita n'kwina, abambo awonso ankamva.

Titawotcha mtembo, amonke, ansembe a kukachisi kwathu, anati phulusa likaikidwe m'madzi pa tsiku la 100, monga timachitira. Tsikulo linagwa mu Januwale, m'chilimwe cha kwathu kuno, pamene alendo amachita kuponderezana padoko ndipo bwato silipuma. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amalume anavala malaya oyera n'kupita kuofesi kukapempha bwato kwa maola awiri okha, mafuta agula okha.

Bwana Wirat ndi munthu womwetulira. Sakalipa, sakweza mawu, ndipo ndikanakonda akanamakalipa. Anapepesa za maliro, anapereka ndi envulopu yomwe. Kenaka anafotokoza mwaulemu kuti mafupa a munthu sakwera bwato la alendo, mzimu wa bwato umene timaumangira nsalu kumphuno kuja ungakwiye, injini n'kuyamba kuvuta. Anati adikire nyengo ya mvula, alendo akachepa, adzaona chochita. Nyengo ya mvula inali kutali miyezi isanu. Amalume sankagona poganiza kuti mayi awo akhala miyezi yonseyo m'mphika pa shelefu, pa nambala 40, akudikira tchuthi cha azungu.

M'mawa wa tsiku la 100 ndinaona thumba la mpunga pansi pa mpando wawo, pafupi ndi injini. Anandikodola.

"Pobwerera tikhotera kumanzere kwa thanthwe long'ambika lija. Uwauze kuti tikukaona anyani."

"Amalume, akamva bwana ntchito yatha, yanu ndi yanga."

"Ndiye pakamwa pakopo lero upatseke, mwana iwe. Ungathe?"

Ndinati ndingathe. Ndinanena ndi mtima wonse, ndipo n'chimene ndimadzidera kwambiri.

Tsiku linayenda monga mwa masiku onse. Mayi Phrim anazungulira miyala itatu, anadikira m'thumba alendo akudya nsomba, anadikiranso akusambira. Cha m'ma 3 koloko amalume anakhotetsa bwato kulowa mbali imene mabwato sapita chifukwa cha zitsa. Mudzi wawo amaupeza mwa njira yawoyawo. Amayang'ana mng'alu wa thanthwe mpaka ulunjike ndi nsonga ya chimtengo chouma chotulukira pamwamba pa madzi, chimene kale chinali pabwalo la sukulu. Kuchoka apo amawerenga mpweya wawo kakhumi bwato likuyenda pang'onopang'ono, basi afika pakhomo. Anazimitsa injini, kunali zii.

Anavula chipewa, n'kutulutsa mphika wadothi wokutidwa ndi nsalu yoyera. Anayatsa lubani. Anatulutsa timakobili tisanu ndi tinayi n'kuponya m'madzi kamodzikamodzi, poti mwambo wathu umati wakufa umugulire malo kwa mwini madzi. Ine mtima unandiwawa pamenepo. Munthu akugula ndi makobili bwalo limene mayi ake anasesa zaka makumi anayi.

Alendo onse anali atatembenukira kumbuyo. Mayi wina wonenepa, wopsa ndi dzuwa mpaka mapewa kusupuka, anandigwira mkono n'kufunsa monong'ona kuti chikuchitika n'chiyani. Ndikanatha kunena kuti ndi pemphero la ulendo wabwino. Ndikanatha kungoika chala pamlomo. Koma woperekeza alendo amaopa chete kuposa namondwe, tinaphunzitsidwa kuti mlendo akafunsa sabwerera chimanjamanja. Ndiponso, ndisaname, inali nkhani yoyamba yoona kwathunthu imene ndinali nayo panyanja imeneyi, ndipo ndinamva kukoma kuinena. Ndinawauza zonse: za mudzi wapansi pathu, za damu, za nkhalamba imene inakana kuona nyanja. Ndisanamalize n'komwe mafoni anali m'mwamba, khumi ndi awiri.

Amalume sanaone msanga. Anali atagwada m'mphepete mwa bwato, manja onse m'madzi mpaka m'zigongono, akutsitsa mphika pang'onopang'ono. Anati, "Mwafika, amayi. Pakhomo ndi pomwe pano." Kenaka analira, bambo wamkulu, kulira kogwedeza mapewa. Potukula mutu anakumana ndi mafoni aja. Anandiyang'ana ine. Analiza injini, n'kuzungulira malowo katatu monga mwa mwambo, n'kuchoka osacheuka. Padoko alendo anawakumbatira, ena akupukuta misozi, n'kuwapanikizira ndalama m'thumba la malaya. Mayi wonenepa uja anandiuza kuti ili linali tsiku labwino koposa pa tchuthi chake chonse.

Patatha milungu itatu bwana Wirat anatiitana tonse awiri. Ndinapita nditakonzeka kuchotsedwa ntchito. Tinapeza khofi wozizira atatigulira kale, ndipo ndinadziwa kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anatembenuza foni yake kutionetsa vidiyo. Amalume anali momwemo akulira, nyimbo yachisoni itaikidwa pansi, ndipo anthu oonera anali ochuluka kuposa anthu a m'boma lathu lonse. Bwana anati makalata akubwera ochokera kumayiko amene sanawamvepo, onse akufuna bwato la bambo wa mphika. Za mzimu wa bwato sanatchulenso, ndiyesa unali utakhululuka utaona manambala a oonera.

Anali ataganiza kale zonse. Lachitatu ndi Loweruka kuzikhala ulendo wapadera wa mtengo wokwera. Papepala sadzalembapo kanthu koma kuti mlendo wamwayi akhoza kuona mwambo wakale wa anthu a panyanja. Miphika anali ataitanitsa kale yambirimbiri kwa woumba wa kumsika. Phulusa ndi losasowa, kukhitchini kwa nyumba zoyandama amataya ndowa yathunthu tsiku lililonse.

"Sindingachite zimenezo, bwana," anatero amalume. "Mayi anga ndi mmodzi, ndipo ndinawaika kale."

"Palibe vuto, amalume, sindikakamiza munthu," anayankha bwana Wirat akumwetulira. "Achita mlamu wanga. Malowo tikuwadziwa, foni ya mzungu wojambula vidiyoyi inalemba pamene munaima."

Amalume khofi sanamukhudze. Ndinkaona zimene ankaona iwo: mlamu wa bwana, munthu wa kutauni amene sadziwa n'komwe kuti kunali Na Prue, akukhuthula zinyalala za kukhitchini pamutu pa mayi Phrim kawiri pamlungu, chaka ndi chaka. Pomaliza anati achita okha, koma malo asankha iwo. Bwana anati zilibe kanthu, bola kumbuyo kuzioneka mapiri pachithunzi.

Anasankha kagombe kena kutali, mbali ina ya nyanja, kumene kale kunali thengo la misundu lokhalokha, kopanda nyumba kapena manda. Ku Na Prue sanapitenso n'kamodzi komwe, kuopa kuti mabwato ena angawatsatire, poti makampani anzathu nawo ayamba kugula miphika. Munthu amene anaika ntchito yake pachiswe kuti afikitse mayi ake kwawo, lero amalambalala kwawoko ngati pali ngongole ya magazi.

Ine ndikanasiya ntchito. Ndinaganizapo usiku umodzi wathunthu, m'mawa n'kuvala yunifolomu. Ndili ndi ana awiri kusukulu ndipo bambo wawo ndi mlimi wa mphira, mtengo wa mphira mukuudziwa. Ndinapita kwa amalume kukapepesa, nditanyamula chipatso chachikulu cha duriyani. Analandira, anathokoza, anandifunsa za ana. Akanandimenya mbama kumaso ndikanapepukidwa. Amandiitanabe kuti mwana iwe, koma nthabwala zathu za m'bwato, zoseka zipewa za alendo m'chinenero chathu, zinatha tsiku lomwe lija.

Papita zaka ziwiri tsopano. Lachitatu ndi Loweruka, alendo akamadya, amalume amalowa kuseri kwa khitchini ndi mphika, n'kutapa phulusa pansi pa waya wowotchera nsomba. Amasefa ndi zala kuchotsa minga ikuluikulu, amakuta ndi nsalu yoyera. Makobili amapereka ndi kampani. Bwana anadandaulapo kuti masiku ano amalume salira ngati pa vidiyo paja, n'kuwalangiza kuti aziganizira mayi awo. Anayankha kuti ayesetsa.

Loweruka lapitali tinali ndi mtsikana wina wa tsitsi lofiira, amene anayamba kulira lubani asanayake n'komwe. Anandiuza kuti nayenso mayi ake anamwalira chaka chatha. Amalume atagwada ndi mphika m'mphepete mwa bwato, iye anandipempha kuti ndiwafunse, ngati sikulakwa, kuti m'mphikamo muli ndani. Nthawi zonse ndimayankha ndekha, koma uyu anaumirira kuti akufuna amve kwa mwiniwake. Ndinawafunsa.

Sananditembenukire. Anayankha ndi mawu otsika, aulemu, nkhope ili m'madzi.

"Umuuze kuti ndi nsomba zisanu ndi chimodzi ndi ntchafu za nkhuku. Umuuze, Nui, paja iwe sutha kubisa chilungamo."

Mtsikanayo ankandiyang'ana, maso ali jenjenje, anzake khumi ndi mmodzi mafoni ali m'mwamba.

"Akuti ndi amayi awo," ndinatero m'Chingerezi.