Magazi Obwereka

M'dera lonse la Lukwa, kuyambira kudambo mpaka kumsewu wa tala, munalibe katswiri wa zamagazi woposa ine. Ukatswiriwo ndinaupeza m'chaka chimodzi chimene ndinakhala ku koleji, ndikuphunzira za malonda, mayeso asanandiperekeze kumudzi. Koma kwathu ukangoponda ku koleji, pepala lililonse lachingerezi ndi lako.

Chaka chimene ndinabwerera kumudzicho bambo anayamba kutuwa. Kamfuno sankatha, ndipo m'miyendo munatuluka timadontho tofiira. Kuchipatala cha paboma adokotala anandikokera pakhonde n'kundiuza kuti mafuta a m'mafupa mwawo, amene amapanga magazi, akusiya ntchito. Anandilozera manambala atatu papepala: kuchuluka kwa magazi, asilikali a m'thupi, ndi tizigawo tothandiza magazi kuundana munthu akatemeka. Onse anali pansi.

Amalume anapereka paketi ya magazi, inenso paketi. Amayi, posafuna kutsalira, ankawiritsa chidede m'mawa ndi madzulo, poti chofiira chilichonse chimawonjezera magazi. Atawayezanso bambo, nambala yoyamba inakwera. Amayi anayambitsa nyimbo ya kwaya muwodi momwemo.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti makuponi a feteleza agawidwa Lachisanu, ndipo mwini dzina akaonekere yekha. Bambo anali asanaphonyepo kuponi chiyambire.

"Tawerengani, adokotala a ku Lukwa," anatero bambo akundipatsa pepala. "Ndachira, eti? Ndikatenge kuponi yanga akabwerebwere asanaidye."

Ndinatsokomola monga amachitira anthu ophunzira.

"Bambo, yakwerayi ndi magazi a amalume ndi anga. Ziwiri zinazi zatsikanso. Mukangogwa pakabaza, adokotala akuti magazi akhoza kutayikira m'kati osaleka."

"Nanga chidede changa?" anafunsa amayi.

"Chagwira ntchito, amayi. Onani lilime lawo kufiira."

Palibe anaseka. Bambo anayang'ana kudenga.

"Ndiye kuti nazale yauma," anatero. "Tikuwokera mbande zopempha."

"Eya."

"Mbande amakupatsa kamodzi. Ukabweranso amati zatha." Anatembenukira kwa ine. "Abale oti n'kupereka atsala angati?"

Ndinachita ngati ndikuwerengabe pepala lija. Msuweni wanga wina anali atazimitsa kale foni, wina anati mpingo wake sulola.

"Utumize uthenga kumudzi," anatero bambo. "Kuponiyo apatse wina."

Amayi anagwira chitsulo cha bedi. Ine ndinapinda pepala lija n'kuliika m'thumba. Bambo anamwetulira kuti atilimbitse mtima, ndipo pakati pa mano panali pofiira. Amayi anati n'chidede. Tsiku limenelo bambo anali asanamwe.

Anamwino atabwera anati mswachi wa mtengo uleke, ukung'amba nkhama. Pakufunika wofewa, wa ana. Ndinapita pagolosale ya pageti. Unalipo umodzi, wapinki, wojambulidwa kabakha. Ndinapempha wogulitsa kuti anditsitsire mtengo monga katswiri wa zamagazi, koma anakana. Ndinalipira K150.