Tsiku Limene a Jumbe Anayeza Nthiti za Daisoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene Daisoni anandiwomba mbama pampopi ku Kawale, atsikana onse akuona. Anayamba waponda galimoto yanga yamawaya, imene ndinali nditaipezera kale kasitomala. Khutu linalira tsiku lonse, koma chinkandiwawa kwambiri chinali kuseka kwa atsikana aja.

Daisoni sankadziwa kuti ndinali nditatha chaka ndikuphunzira karate kwa a Jumbe, telala wa pakhonde la golosale. Dzuwa likapendeka ankaphimba makina awo n'kutiimika pamzere kuseri, pafumbi, kumatimenyetsa thumba la mchenga. Lamulo lawo linali limodzi: phazi lisatuluke kuseriko popanda chilolezo chawo.

Ine ndinabadwa wonenerera. Mayi akati zikwapu zisanu, ine ndinkayambira pa ziwiri. Choncho kwa a Jumbe ndinapita ngati wokagula kaunjika.

"Ndingomuthyola mkono basi."

"Ayi."

"Chabwino, dzino limodzi."

"Ayi."

"Abwana, tsitsaniko. Ndingobweza mbama ija, osawonjezera."

Anachotsa phini pakamwa n'kundiyang'ana. "Mbama yokha? Ndiye bwera naye ndimuyeze. Ine sindidula nsalu mwiniwake ndisanamuone."

Ndinakauza Daisoni kuti telala ali ndi nsalu yotsala, akufuna mwana woti amusokere kabudula waulere. Anakafika ine ndisanafike. A Jumbe anamuyeza m'chiuno, kenako anamuvulitsa malaya n'kumuzunguliza tepi pachifuwa. Apo ndinaona chimene sindinkachiona pampopi: nthiti zake zinali pamtunda ngati mizere ya malata. Anayezanso kuchokera pansi kufika panthitipo, n'kumuuza kuti abwere Loweruka.

Atachoka, a Jumbe anazula thabwa pabokosi la tomato n'kuligwira pamsinkhu womwe anayeza uja.

"Daisoni wako ndi uyu. Bwezera, koma zifanane ndi mbama."

Ndinamenya ndi phazi mwaulemu, thabwa linangogwedezeka. Ndinatukula mapewa. "Mwaona? Kuyeza ndimatha."

Iwo anaseka kaseko kachitsikana, kofanana ndendende ndi ka pampopi paja, n'kundigunda ndi chala pakhutu lomwe lija. "Bwereza."

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangomva phwa! Thabwa pawiri, chidutswa china chili m'ngalande.

"Imeneyo ndi mbama?" anafunsa akutola zidutswazo. "Pamsika umayamba wakweza, kenako n'kutsitsa. Phazi la munthu wokwiya silitsitsa. Thabwa ndipeza lina mawa. Nanga mayi ake a Daisoni nthiti akazigula kuti?"

Loweruka Daisoni analandiradi kabudula wake, ine n'kutsala ndi chala chotupa. Pa malonda onse amene ndachita m'moyo uno, amenewo ndiye ndinaluza moonekera. Koma kuyambira pamenepo a Jumbe anandikhazika pa kutchinga mpaka mikono inachita dzanzi. Tsiku limene Daisoni anakwezanso dzanja, ndinaligwirira m'mwamba n'kulipinda pang'ono mpaka anagwada. Ndinamusiya osamumenya. Sanandiyambenso.

Zonsezi zinandibwerera kuno ku Perth nthawi ya mliri wa Kovidi, malire atatsekedwa, aliyense mtima uli m'mwamba. Mwana wanga Takondwa, amene ndakhala ndikumuphunzitsa karate m'galaja kuyambira ali wamng'ono, anafika kunyumba mlomo utang'ambika. Mnyamata wina wamkulu wa kusukulu kwawo anamukoka masiki pasiteshoni ya Rockingham n'kumugwetsa, anzake akuseka. Mayi ake a Takondwa anali pashifiti kuchipatala ku Nedlands. Ndisaname, makiyi a galimoto ndinawatola, lamba wanga wakuda akundiyabwa m'chiuno, ngakhale kuti masiku ano mimba inamukulira.

Takondwa amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi cha kuno. Anapempha kuti ndimulole kiki imodzi yokha. Nditakana anati chabwino, chibakera. Nditakananso anati kakang'ono basi. Ndinadzimva ndekha ndikunenerera m'chilankhulo cha eni dziko. Makiyi aja ndinawaika patebulo.

Tinalowa m'galaja. Ndinazula thabwa lopyapyala pa bokosi lina la ku Malaga, dera lina la konkuno ku Perth, komwe ndimagula ndi kugulitsa mafiriji akale. Ndinamufunsa kuti mnyamatayo ndi wamtali bwanji, n'kuligwira pomwe analoza. Koyamba anamenya mofatsa, n'kundiyang'ana monyadira. Ndinamukoka kolala n'kumuseka. Kachiwiri thabwa linagawika, chidutswa n'kukagunda chitseko cha firiji.

Anayang'ana zidutswazo pansi. Kenako, m'Chichewa chimene sachilankhula kawirikawiri, anati, "Adadi, lathyoka."

M'mawa mwake tinavala mamasiki athu n'kupita kwa ahedi, mlomo wotupawo ukudzinenera wokha. Sindinachoke muofesimo mpaka makolo a mnyamatayo ataitanidwa. Kunenerera kumeneko ndiye ndimakutha.

Lero ndimamvetsa kuti a Jumbe sankandiphunzitsa mantha. Wokuukira umutchinge ndi mphamvu zako zonse, wolakwa ukamutule kwa omuweruza, koma usamutsatire ndi phazi lako uli wokwiya, pakuti silidziwa polekezera. Takondwa ndidzamuphunzitsa kutchinga mpaka mikono yanga idzatope. Za kubwezera asavutike n'kundinenerera. Ine ndimatsitsa chilichonse, ndifunseni za mafiriji. Apa pokha sinditsitsa.