Kabokosi ka a Feston ndi msewu wa apongozi

"Ayi adadi, musandiuze zimenezo. Kameneka kalibe netiweki. Onani apa, kamlongoti aka akadula ndi mzere."

Ameneyo anali Lusiya, atakhala mpando wakutsogolo, chala chili pa kabokosi kolozera njira kamene iye mwini anatumizira bambo ake kuchokera ku Mangalande, komwe amasamalira nkhalamba za azungu. Anali atangotsika basi ya ku Harare m'mawa womwewo, ndipo a Feston anapita kukamuchingamira pamodzi ndi akazi awo, a Rosina, omwe anali kumbuyo atafungatira chikwama.

"Kakuti kutsogolo kwadzaza," anatero a Feston, maso ali pamsewu. "Tizungulira."

"Kwadzaza chiyani ku Zvishavane kuno? Mbuzi?"

"Mwana iwe, wafika lero lomwe."

"Kuja anthu anatutaya kalekale timeneti. Layini imene tinkayendera anaithimitsa. Njira kamalozabe, koma za kuchuluka kwa magalimoto sikamva kanthu. Papita zaka."

Kumbuyo kuja chikwama chinasuntha pang'ono.

"Zaka?" anafunsa a Rosina, mofatsa kwambiri.

A Feston anamva thukuta likutsetsereka pamsana.

Kuti mumvetse thukuta limeneli muyenera kuwadziwa mwiniwake. A Feston Mbewe anabadwira m'komboni ya mgodi wa asibesito, ndipo anakulira m'munsi mwa milu yoyera ija imene mlendo akaiona amayesa mapiri. Bambo awo anachokera ku Dedza ali mnyamata. A Feston eni ake ku Malawi sanapondeko. Amakudziwira m'nyimbo za kutchalitchi basi. Chishona amalankhula ndi makasitomala, Chichewa amasungira Mulungu, banja ndi mkwiyo. Anagwirako ntchito pansi pa mgodi mpaka unatseka, kenako anayendetsa kombi, minibasi ya munthu, ndipo potsiriza anagula kagalimoto kakekake ka ku Japan, ka mushikashika, ndiye kuti takisi yothithikana, kamene opanga anati anthu anayi koma a Feston amati asanu ndi mmodzi ndi thumba la chimanga. M'komboni yonse ya Makwasha, komwe amakhala, amadziwika ndi malaya osita ndiponso kusatukwana, zinthu ziwiri zosowa pantchito imeneyi.

Bambo awo pomwalira anawasiyira jekete ndi mwambo. Jekete inadyedwa ndi njenjete. Mwambo unatsala: mkamwini sakumana maso ndi apongozi aakazi, salankhula nawo, ndipo akawaona panjira amapatuka. A Feston anaugwira mwambowu ngati chiwongolero. Tsiku lina, atavala suti ya mgonero, anadumphira m'ngalande chifukwa a Esteri, mayi a Rosina, anatulukira pakona. Pa ubatizo wa Lusiya anadyera kuseri kwa thanki ya madzi. Anansi achishona, omwe amangowomba m'manja n'kuyamba kucheza ndi apongozi awo za mitengo ya mafuta, ankaseka mpaka kugwira mpanda.

Mwambowu uli ndi pothera pake. Bambo awo ananenapo kuti pakapita nthawi, ana atabadwa, ankhoswe amakhazika pansi mkamwini ndi apongozi, awiriwo n'kupatsana kanthu, manyazi n'kutha. Koma ankhoswe awo, a Matiyasi, anapita ku Malawi kumaliro ndipo mpaka lero sanabwerere. Akuluakulu ena anatha mmodzimmodzi. Choncho a Feston analandira theka lothawa, theka loleka kuthawa linakwera basi ndi a Matiyasi.

Wapansi zinali zosavuta, poti ngalande ku Makwasha sizisowa. Vuto linabwera a Esteri atasamutsa tebulo lawo la tomato n'kuliika pamphambano yolowera ku Makwasha, penipeni pomwe pali mahampu. Pa hampu galimoto imakwawa. Zenera limafika pamphuno pa wogulitsa. Kudutsa osapereka moni ndi mwano. Kupereka moni ndi mwano woposa. A Feston anasankha njira yafumbi yozungulira kuseri kwa milu ya mgodi, imene imadya matayala ndi mafuta. Makasitomala ankadandaula, iwo n'kumanamizira apolisi, mawa lake n'kunamizira maenje.

Ndiye kunabwera kabokosi. Miyezi yoyamba kankagwiradi ntchito, malole a ku migodi akatsekereza msewu kankafiira. A Feston anaona kuti munthu amene amatsutsana ndi dalaivala satsutsana ndi makina ochokera kunja. Tsiku limene kanasiya kufiira iwo anadziwa tsiku lomwelo. Sanauze munthu. Anangotseka mawu a mzungu wam'katimo, yemwe ankaumirira kuti abwerere kumsewu wa tala, chifukwa Chingerezi anthu a kuno amachimva bwino kuposa mwini wake. Kuyambira pamenepo akayandikira mphambano ankagogoda kabokosi ndi chala, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Kwafiira, vabereki," ankatero, kuwatchula okwera kuti makolo m'Chishona. "Tizungulira."

Ndipo anthu ankavomera. Ena ankakauza anzawo kuti Zvishavane yakula.

Koma lero kumbuyo kunali a Rosina.

"Bambo a Lusiya, imani kaye." Galimoto inaima pambali. "Ngati kanthuka kanafa, njira yafumbi ija amakutumani ndani?"

"Amake Lusiya, nkhani yake ndi yaitali."

"Yaitali ngati njirayo? Yodutsa pa kagolosale ka Chiedza? Uja amabayibitsa galimoto iliyonse ngati mwana wa sukulu? Amayi a kumpingo ankandiuza, ine n'kumati ayi, amuna anga amatsata makina."

"Chiedza ine ndimangogulako eyataimu!"

"Ohoo. Mumaimanso."

A Feston analoza kutsogolo.

"Ndi apongozi," anatero motsitsa. "Pa mahampu paja."

"Amayi anga musawalowetse m'nkhani zanu! Munthu angawotche mafuta zaka zonsezi chifukwa cha manyazi? Ndinabadwa dzulo ine? Tamverani. Mudutse msewu wowongoka pompano ndikuona. Mukakhotera kufumbi munditsitse, ndikakhala kwa amayi, katundu wanga mudzatumize pa wilibala."

A Rosina sanali munthu wobwereza mawu. A Feston anayang'ana kumanzere, komwe kunali fumbi ndi mtendere. Anayang'ana kutsogolo. Anapempha bambo awo chikhululukiro chamumtima, n'kuponda mafuta.

Tebulo la a Esteri linaonekera patali, tomato ataunjikidwa timilutimilu pansi pa ambulera yong'ambika. Mayiwo anali kuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Atakweza maso n'kuona galimoto ya mkamwini ikubwera molunjika, chinthu chimene sichinachitikepo, anaponya kanthambi kaja, n'kudzifunditsa nsalu kumutu, n'kugwada kuseri kwa kireti. A Feston nawo anatembenuzira nkhope kumbali ina. Munthu woyang'ana kumbali sakwera hampu bwino, makamaka ndi masutikesi a ku Mangalande m'buti. Galimoto inakhula mimba, inatsokomola, n'kuzima. Inakhala pamwamba pa hampu ngati nkhuku yofungatira.

"Gogo!" anakuwa Lusiya, n'kutuluka kuthamangira kireti ija.

A Rosina anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana amuna awo, omwe anali kuwerenga denga la galimoto mwachidwi. Anayang'ana mayi awo, omwe anali kukumbatira mdzukulu nsalu ili kumaso. Kenako anagwira chitseko n'kuyamba kuseka, kuseka kotulutsa misozi.

"Mwari wangu, Mulungu wanga! Ndi zoonadi. Ine kuchitira nsanje Chiedza, pamene mkazi wake ndi mayi anga!"

A Feston anapuma. Banja linali litabwerera. Anagwira kiyi kuti alize galimoto athawe, koma a Rosina anaizula.

"Ayi. Zithere pompano lero."

"Palibe nkhoswe," anatero a Feston, akuuza denga.

"Palibe nkhoswe," inavomereza nsalu kuseri kwa kireti.

"Ine sindine nkhoswe wanu," anatero a Rosina, "ndipo iwe Lusiya usawanyamulire mawu. Alankhulane okha."

Kumbuyo kunali kutaima kombi, kenako lole ya njerwa, kenako ngolo ya abulu, kenako kombi ina. Mahutala anayamba. Kondakitala wina anatulutsa mutu: "Mudhara, mwagula hampuyo?" Makwasha inapeza mdipiti wa magalimoto woyamba m'mbiri yake, ndipo kabokosi kanali phee, msewu wake uli woyera.

A Feston anakayang'ana nthawi yaitali. Kanachokera kutali, kanali kachete, ndipo kanawasungira chinsinsi zaka zonsezi osaulula. A Matiyasi sakanaposa pamenepo. Anakazula pagalasi, anatsika chammbali ngati nkhanu, anakaika pakati pa tomato, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja.

"Inu a kabokosi," anatero, "muwauze eni tebulo kuti tawaona."

Ngakhale kondakitala uja anasiya kukuwa. Nsalu inasuntha, n'kutembenukira kwa kabokosi.

"Muwauze oyendetsa kuti nafenso timawaona. Fumbi lawo limatipeza konkuno tsiku ndi tsiku."

"Muwauze kuti sichinali chipongwe."

"Muwauze kuti tikudziwa. Galimoto ikakhota nafenso timapuma, poti mawondo awa kubisala anatopa nako. Koma muwauzenso kuti kuchipatala timapita wapansi, pamene mwana wathu anakwatiwa kwa eni galimoto."

Apa a Feston anawerama kwambiri. Zimenezo anali asanaziganizepo. Iwo ankayesa kuti akupereka ulemu wokhawokha.

"Muwafunse," anatero, "kuti pothetsa zimenezi amapatsana chiyani."

"Muwauze kuti ine ku Angonia ndinachoka ndili kumsana. Ena amati nkhuku, ena amati mbale. Amene ankadziwa ali kumanda." A Esteri anakhosomola. "Ine chimene ndimadziwa ndi tomato. Agule mulu umodzi, ine ndiikepo basera. Akulu akakwiya adzatifunse komweko."

A Feston anapisa m'thumba. A Esteri anasankha mulu wabwino, osati wa pamwamba wonyengerera alendo, n'kuwonjezapo anyezi mmodzi. Tsono kabokosi manja kalibe. Panalibe kuchitira mwina: nsalu inatsika, dzanja linatambasuka, ndipo a Feston analandira ndi manja awiri. Maso anakumana pang'ono chabe.

"Mwakalamba, bambo," anatero a Esteri modabwa.

"Inunso, amayi."

Anyamata a kombi anakankha galimoto kuichotsa pa hampu, akutukwana mwaulemu. A Feston atatambasula dzanja kuti atenge kabokosi, a Esteri anakaphimba ndi mbale.

"Ankhoswe agona kuno. Mudzawatenge Lachinayi, popita nane kuchipatala."

Lusiya ndiye anayendetsa gawo lotsalalo, akudandaula za magiya ndi maenje, mayi ake akusekabe kumbuyo. A Feston anakhala pambali ngati kasitomala. Pofika kunyumba a Rosina anati abweretse tomatoyo akonzere ndiwo, koma a Feston anakana. Analowa naye m'nyumba okha, kapulasitiki kali pachifuwa, anyezi ali m'thumba la malaya osita aja.