Tsiku limene tinalephera kusudzula aDaka

Loweruka lapitali tinapita ku Nyampande kukasudzula munthu, koma tinabwerako osamusudzula.

Munthuyo ndi bambo Daka, amuna awo a malemu mayi anga aang'ono, amene tonse tinkawatchula kuti amake Joyce. ADaka anabwera pamudzi pathu ali mnyamata, mkamwini wochokera ku Luembe, ndipo akalambira pompo. Akazi awo anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero zaka zingapo zapitazo. Kusudzula kunachedwa chifukwa cha ife a m'tauni: uyu akuti kuntchito akaniza tchuthi, uyo akuti msewu waipa.

Inu amene munakulira pa simenti, kusudzula ndi kumasula wamasiye. Akuchikazi amasonkhana n'kumuuza kuti maliro atha, mkazi wanu wagona, ndinu mfulu. Popanda mawu amenewo, munthu wolemekeza mwambo sachoka pamudzi.

Chaka chino aDaka anatumiza uthenga. Mawondo atha, maso ayamba kuchita chifunga, ndipo akufuna kubwerera kwawo mvula isanagwe kuti akakalambire pakati pa abale awo. Mng'ono wawo ku Luembe anali atawafolerera kale kanyumba. Katundu tinakwezeratu m'galimoto mwambo usanayambe: njinga, khasu, wailesi ndi thumba la zovala. Tinagwirizana kuti pobwerera ku Lusaka tikhotera pa Nyimba n'kukawasiya kwawo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira ngati zalipidwa. Pamphasa panali kambale ka ufa woti awapake pamphumi. Ntchito yake inali yosatenga nthawi.

Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Pagulupo panali mng'ono wanga Misozi, amene anabwera kuchokera kunja. Misozi ndi dokotala wosabaya jekeseni. Amakhala mu labotale kufufuza maselo, tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi la munthu, kuti amvetse chifukwa chake maselo a khansa amakana kufa. Akapeza kanthu amalemba pepala. Wofufuza wina akagwiritsa ntchito zimene iye anapeza, amatchula dzina lake pa pepala lakelo, ndipo pali makina amene amawerengetsera kuti watchulidwa kangati. Kwa anthu a ntchito imeneyi, chiwerengero chimenecho ndiye nkhokwe yawo. Ya Misozi ndi yodzaza.

Malume athu aLungu, amene ankatsogolera mwambo, amachidziwa chiwerengerocho kuposa zaka za ana awo. Munthu wabwino, koma sangaone anthu atasonkhana osadzitamako pang'ono.

"Tikalibe kuyamba," anatero malume, "mudziwe kuti pano pali munthu wamene dzina lake litchulidwa dziko lonse. Dzulo chabe nenze kuona pa foni, nambala yakwela futi!"

Azimayi analuluta. Misozi anayang'ana pansi. ADaka, amene ndi munthu waulemu, anafunsa funso loyenera munthu waulemu.

"Nanga akutchulila chani, mwana wanga?"

Misozi akanatha kuyankha zachizungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mng'ono wangayu bodza limamukanika kuyambira ali mwana. Anafotokoza kuti pamene mayi aang'ono ankachitidwa opaleshoni ku Lusaka, iye anawapempha kachidutswa ka chotupacho kuti akachifufuze. Iwo anavomera, ati tenga, ndichifuniranji ine. Kuchokera ku kachidutswako anamera maselo m'timbale ta mu labotale. Nthawi zambiri maselo otere amafa pakapita kanthawi, koma awa ayi. Mapepala ake amene amatchulidwa kwambiri anachokera pa maselo amenewa.

ADaka anatembenukira kwa Misozi n'kufunsa.

"Sanafe?"

"Sanafe, atate."

"Lelo lino akali moyo?"

"Akali moyo."

"Adya?"

Misozi anayankha motsitsa mawu kuti inde, amawadyetsa timadzi tofiirira, ndipo amawasunga m'bokosi lofunda ngati thupi la munthu. Akachuluka amawagawa m'timbale tina.

Malume anaona kuti zinthu zapita kumene sanazitume. "Iyai, alamu, musaganize kutali. Uja si munthu, ni matenda chabe."

ADaka sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Misozi.

"Niuze iwe. Ni chinthu chinangena monga njoka mu nyumba, kapena ni thupi lake?"

"Kachilombo ndiye kanayambitsa," anatero Misozi, "koma maselo ni awo. Ni thupi lawo, atate."

"Nionetse."

Misozi anali ndi kanema pafoni. ADaka anavula chipewa, anapukuta manja pa buluku, n'kulandira foniyo ndi manja awiri. Ine ndinasuzumira paphewa pawo. Munali tinthu totuwa, tambirimbiri, tikuyenda pang'onopang'ono ngati nkhupakupa pakhutu la ng'ombe. Kamodzi kanaima, kanadzikulunga, kenaka kanang'ambika pakati n'kukhala tiwiri. Tiwiri tija tinapitiriza kuyenda.

"Amake Joyce," anatero aDaka.

Sanalire. Anaitana ndi mawu omwe aja amene ankaitanira akamachokera kudimba, mawu a munthu amene akudziwa kuti m'nyumbamo muli womuyankha.

Malume anatola kambale ka ufa, nayamba mawu a mwambo. ADaka anakweza chikhatho.

"Alamu, musudzula munthu wamene mkazi wake wagona. Wanga akali pa nchito."

Misozi anagwada, misozi ili mbwembwembwe, nati akangobwerera akasiya kudyetsa maselowo, ngakhale ntchito yake itathera pomwepo. Kenaka chilungamo chake chija chinamugwiranso. Anaulula kuti ngakhale atatero sizithandiza. Maselowo anagawidwa kale kwa ofufuza a m'maiko ambiri, ena ali m'mabokosi ofunda, ena anaumitsidwa m'matanki ozizira kudikira tsiku lowadzutsa. N'chifukwa chake nambala ya malume ija imangokwera. Kuwaitanitsa onse n'kosatheka.

"Kwamene uko amuitana kuti ndani?" anafunsa aDaka.

Misozi anatchula zilembo zingapo ndi nambala. Anati lamulo la kafukufuku limabisa dzina la wodwala pofuna kumuteteza.

ADaka anagwedeza mutu ngati amva zanzeru. Anabweza foni, anavala chipewa, anapita ku galimoto n'kuyamba kutsitsa njinga yawo. Palibe amene anayerekeza kuwathandiza kapena kuwaletsa. Ufa uja unatsala pamphasa mpaka nkhuku zinaupeza.

Tsono abale anga, wolakwa ndani pamenepa?

Musathamangire kuloza Misozi. Anapempha, ndipo mwiniwake anavomera ali ndi nzeru zake zonse. Ine ndaperekeza azimayi ambiri kumanda chifukwa cha nthenda imeneyi, ena a msinkhu wanga. Ngati kachidutswa ka mayi aang'ono kangathandize kuti mwana wa Joyce asadzafe imfa yomweyo, ndine woyamba kunena kuti kadyetsedwe. Ndipo ofufuza akamatchulana si kudzikweza chabe. Ndi njira yoti aliyense adziwe kuti nzeru iyi inachokera kwa yani, ndipo ikapezeka yolakwika adziwe pofunsa.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china. Anthu ophunzirawa ali ndi mwambo wolimba wothokozana. Ukabwereka ganizo la mnzako osamutchula, akutcha wakuba, ntchito n'kukuthera. Koma mwambo umenewo umathera pakhomo la labotale. Amene anapereka thupi amasanduka nambala, ndipo amene anagona naye mphasa imodzi moyo wake wonse amadzamva nkhaniyo mwangozi, chifukwa choti malume anafuna kudzitama.

Ndi angati kuno kwathu amene anatengedwa magazi kapena kachidutswa ka thupi, atauzidwa kuti n'zothandiza kafukufuku? Ku Sandwe, ku Luembe, ku Nyampande komweko, anthu amavomera ndi mtima woyera. Ndi angati amene wina anabwereranso kudzakhala nawo pamphasa n'kuwauza kuti chija munapereka chinafika apa, ndipo chikadalipo? Timafunsa wodwala ali pabedi la chipatala, ululu uli m'chiuno, ngati kuti munthu wa kuno amakhala yekha. Kwathu kuno thupi lili ndi eni ake ambiri. Ngakhale maliro sayikidwa malume asanafike.

Ndipo ifenso a mwambo tisadzione oyera. Makolo anatisiyira mawu a wamoyo ndi mawu a wakufa. Sanatisiyire mawu a munthu amene manda ake amera udzu koma thupi lake likugawikana kutsidya kwa nyanja. Malume anayesa kunena kuti mzimu unapita kale kwa Mulungu, zotsalazo ndi ngati tsitsi lometedwa. Mwina akunena zoona, ine ndi mutu wanga ndikuvomereza. Koma tsitsi lometedwa silifuna chakudya, ndipo ndinaona ndi maso anga kanthu kaja kakung'ambika pakati. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mafunso amenewa afika pakhomo lililonse, ndipo ndi bwino tiyambe kuwakambirana kambale ka ufa kasanafike pamphasa.

Pobwerera tinadutsa pa Nyimba osakhota. Amayi ogulitsa nthochi anathamangira galimoto monga mwa masiku onse, koma palibe anatsitsa galasi. Mpando umene tinasungira aDaka unali wopanda munthu. Titangopitirira mphambano ya ku Luembe, foni ya Misozi inalira kamodzi. Unali uthenga wa makina aja, womudziwitsa kuti wina, kwinakwake, wamutchulanso. Anaitembenuza n'kuiika chafufumimba pamwendo.

Kumwamba kwayamba kale kuchita mitambo. Kanyumba ka ku Luembe kakudikira ndi udzu wake watsopano, ndipo mwini wake akusesa pakhomo la mkazi wake ku Nyampande.

Lachitatu m'mawa aDaka anandiimbira foni. Ndinaganiza kuti mwina mtima watsika, akufuna tikonzenso tsiku. Anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za ana, kenaka anati:

"Ukakamba na Misozi, umufunseko. Lelo adya?"

Inu mukanawayankha chiyani?