Utsi m'kabati ya apongozi

Apongozi anga ndi a ku Nchalo, kumene ngakhale mthunzi umawotcha. Anabwera ku Nairobi kudzatithandiza mwana atangobadwa, ndipo anafika pakati pa chisanu cha Julaye. Kwathu ku Syokimau mphepo imachokera kubwalo la ndege popanda choitchinga. Ankavala majuzi awiri, chitenje kumutu, china m'khosi, ndi masokosi anga ampira, koma mano ankagundanabe.

Ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso. Moni ndinkaperekera kukhomo, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Zina zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Tsiku lina iye anandikokera kukhitchini.

"Amayi akuti muwafunire tikiti. Akuti ngati n'kufa, akafere kwawo kofunda."

Tchuthi chake cha uchembere chinali kumapeto, ndipo wina womusiyira mwana tinalibe.

Pabalaza pathu panali malo osonkhapo moto omangira kukhoma, a miyala yosema, ndipo padenga chumuni chinkaonekera patali. Tinali tisanasonkhepo, mkazi wanga ankaikapo maluwa apulasitiki. Mnzanga wa kuntchito anati moto wapoyera umangotenthetsa chumuni, bola ndigule mbaula yachitsulo ya nkhuni, yonga bokosi, ya chitseko chagalasi, yolowetsa m'malo omwewo.

Amisiri ake ndinawapeza kufupi ndi Eastleigh, kumene nyundo zimalira tsiku lonse. Pa nkhani yonenerera mtengo ine ndimadzidalira, ndinakulira mumsika. Ndinagogoda chitsulo, kupukusa mutu, kuchoka, kubwereranso ngati ndaiwala chipewa. Mmisiriyo, bambo wa mimba yake, ankangoseka Chiswahili changa chotsimphina.

"Bosi, Mkenya sindiwe, koma kulira kwake n'kwa konkuno."

Atakana kutsikanso, ndinaloza mulu wa mapaipi achitsulo amene anawaphatikiza pamtengo.

"Nanga awa?"

"Olowetsa m'chumuni, kuchokera pambaula mpaka padenga."

"Chumuni ndili nacho kale. Ukufuna undigulitse chumuni cholowa m'chumuni chinzake? Chotsa."

Anakanda m'mutu, n'kuvomera kuti, "Sawa." Njira yonse yobwerera ndinkadziyamikira ndekha m'minibasi, zija amati matatu.

Loweruka masana anabwera ndi mnzake. Anachotsa maluwa aja, kukankhira mbaula m'malo mwake, ndipo inakwana ndendende. Analumikiza kapaipi kakafupi kolowa kukhosi kwa chumuni, m'mbali monse n'kutseka ndi lata, n'kumata. Apongozi anali m'chipinda chawo cham'mwamba, pamwamba penipeni pa balaza, akugoneka mwana. Ndinkafuna adzatsike moto ukuyaka kale, aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Tinasonkha. Nkhuni zinagwira bwino, galasi linawala, pabalaza popanda utsi ndi pang'ono pomwe. Ndinatuluka panja kuti ndikaone chumuni changa chikufuka. Palibe. Pamwamba pake panatera khwangwala.

"Utsi uli kuti?" ndinafuula.

"Ukubwera, bosi. Chumuni chazizira, chipatse mpata."

Khwangwala uja anayamba kukonza nthenga zake mosatekeseka.

Kenako kunamveka mfuu m'nyumba. "Mayo! Motooo!"

Ndinakumana nawo pamasitepe, apongozi akutsika mwana ali pachifuwa atamuphimba ndi chitenje, utsi ukuwalondola m'mbuyo. Mkazi wanga anawakokera panja. Amisiri anayamba kufumula nkhuni n'kumaziponya m'ndowa, ine n'kuthamangira m'mwamba.

Moto munalibe. Utsi unkatuluka m'kabati ya zovala yomangira kukhoma, m'mphepete mwa zitseko zake. Nditatsegula unandimenya kumaso. Ndinakankhira zovala kumbali, kuchotsa nsapato, n'kupeza thabwa lofunda pansi pake. Nditalinyamula ndinaona dzenje lakuda, ndipo m'dzenjemo munkamveka mawu a mmisiri akutukwana pabalaza.

Chumuni chinkathera pomwepo. Omanga anachidula kuti apezepo malo a kabati, ndipo chapadenga chija chinali chipewa chabe. Ndinakhala pansi. Kabedi ka mwana kanali kogundana ndi kabatiyo. Mapaipi amene ndinawakana aja akanagunda thabwa tisanakhudze n'komwe machesi.

Ndinaimbira mwini nyumba.

"Mwasonkhapo moto?" anadabwa. "Moto weniweni? Aa! Zijatu n'zokongoletsa. Ndani amasonkha moto m'nyumba masiku ano?"

Ndinadula foni n'kutsika.

Panja ndinapeza mwana akuyamwa, ali bwinobwino. Apongozi anakhala pakhonde, bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi ili pamwendo. Mkazi wanga anali atakaitenga, itasanduka yotuwa ngati phulusa. Ndinaima patali monga mwa masiku onse, kudikira kuti uthenga wa tikiti undipeze kudzera mwa mwana wawo. Koma iwo anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire m'banja mwawo.

"Bambo, tikiti ija mwagula?"

"Ayi, amayi. Koma mawa lomweli ndi..."

"Musagule. Mdzukulu wanga sindingamusiye ndi anthu osonkha moto m'kabati."

Mkazi wanga anabisa nkhope m'shawelo ya mwana, mapewa akugwedezeka. Ine ndinangoti, "Zikomo, amayi," osadziwa ngati ndakhululukidwa kapena ndaikidwa m'manja mwa mlonda.

Mmisiri anandiyandikira, mwaye uli bii kumaso, n'kunong'ona: "Bosi, mapaipi aja alipobe. Tiboola khoma kumbuyoku, akwere chakunja mpaka apitirire denga. Koma mtengo wake si uja ayi."

Anautchula. Pakamwa panga panatseguka pokha, mutu unayamba kale kupukusika, phazi limodzi litaloza kugeti. Apongozi anakhosomola kamodzi.

Ndinatseka pakamwa.