Ulusi wofiira mu dalaivu ya Farida

Farida ndi mwana wa malume anga a Kassimu. Anabadwira m'komboni ya purazi ina, famu yaikulu kufupi ndi Shamva, ndipo sanasamukepo. Ine ndinapita ku Joni ndili mnyamata. Nditabwerako ndinapeza kuti mtsikana amene ndinamusiya akugulitsa mandasi pageti ndiye akuyang'anira pampu ya madzi. Anayamba ndi kunyamulira zida amisiri obwera kudzakonza magetsi, akuwatopetsa ndi mafunso. Kenako anakachita kosi ku Bindura, nabwerako ndi ovolosi yabuluu imene amavala pamodzi ndi mpango wake wakumutu.

Chaka chimene ndinabweracho mabanja a m'komboni anabwereka munda kumunsi kwa purazi kuti alime fodya wawowawo koyamba. Anafesa m'mabedi, ndipo mbande za fodya sizipirira ludzu. Madzi ankachokera pachibhorani, chitsime chakuya chobowola ndi makina. Pampu yake imalamulidwa ndi bokosi lotuwa lopachikidwa pakhoma m'kanyumba ka malata, limene amalitcha dalaivu. Limatenga magetsi a sola n'kumayendetsa mota pa liwiro loyenera. Likaona chovuta limazimitsa pampu, kanyali kofiira n'kuyamba kuphethira, alamu n'kulira.

Mu Seputembala, dzuwa litayamba kuotcha, dalaivu inayamba kuzima masana alionse, nthawi yomwe mabedi amafuna madzi kwambiri. Mlonda wa kanyumbako, Sekuru Damião, mkulu wochokera ku Tete, ankaimbira foni Farida. Iye ankathamangira komweko, ine ndili m'mbuyo chifukwa chosowa chochita.

"Sisi, chatha ichi," ndinamuuza tsiku lina. "Ku Joni timangochotsa n'kuikapo china."

"Ndiye pita ku Joni ukatitengere, bhudhi, poti ndiwe mchimwene wanga. Udzapeza fodya atasanduka tiyi."

Farida ali ndi lamulo lake: asadine munthu batani loyatsiranso iye asanawerenge zimene bokosi lalemba. Pakagalasi pankalembedwa zilembo ziwiri, OH, kutanthauza kuti latentha mopitirira. Koma nthawi zonse ankapeza fani yoziziritsa ikuzungulira bwinobwino, khomo lili lotsegula, mphepo ikulowa. Anayeza magetsi ochokera kumasola, ali bwino. Anayeza amene mota ikukoka, sanapitirire. Anamanga mawaya onse olowa ndi otuluka. Akayatsa, pampu inkalira mosangalatsa mpaka madzulo. Mawa lake masana, zii.

Mbande zinayamba kugona. Amayi ankatunga madzi kudamu ndi ndowa, koma mtunda wake ndi wautali, ndipo mabedi a kumapeto anayamba kuchita chikasu. Kumsikiti Lachisanu anthu analonjerana ndi malume mwachidule, osawayang'ana m'maso. Farida sanadye bwino sabata imeneyo.

Kenako anamasula kawaya kotchinga fani kuti apukute fumbi. M'malo mwa fumbi anatulutsa timaulusi tofiira, tofewa, ngati ta juzi. Anatiyang'ana nthawi yaitali pachikhatho.

"Mu dalaivu mulibe chinthu choluka," anatero, n'kutiika m'thumba.

M'mawa mwake sanadikire foni. Dzuwa lisanafike pamutu tinadzera njira yakuseri, ya m'mabulugamu, ndipo tinalowa osaodira. Pakhoma panalibe bokosi lotuwa. Panali bulangeti lofiira lolukidwa pamanja, litakulunga dalaivu yonse, lomangidwa bwino ndi chingwe. Mkati mwake fani inkalira ngati munthu wa chifuwa.

Sekuru Damião anadzambatuka pampando. "Aa, mwanangu, wabwera osandiuza! Ndikanavundukula."

"Mumavundukula ndikamabwera, Sekuru?"

"Nanga! Mwini wake apeze chinthu chili chophimba ngati kuti tikumubisira? Kunyumba kwanga wailesi ndi TV zimakhala zovindikira ndi nsalu, alendo akafika timachotsa. Fumbi la mwezi uno ukulidziwa iwe. Chinthu chodula chotere chikhale maliseche?"

Anafotokoza kuti ankaphimba m'mawa, mathirakitala akayamba kudutsa. Alamu ikalira ankachotsa bulangeti, kulipinda, kulikhalira, ndiyeno kuimba foni.

Ine kuseka kunali kutandifika pakhosi, koma Farida anandiponda phazi. Anamasula chingwe, natenga dzanja la mkuluyo mwaulemu n'kuliika pamwamba pa bokosi, pomwe pamatulukira mpweya. Sekuru analichotsa msangamsanga.

"Maiwe! Moto!"

"Imapumira apa, Sekuru. Wailesi imangoyankhula, koma iyi ikugwira ntchito yokoka madzi pansi pa nthaka. Imachita thukuta ngati inu mukamalima. Ndani amalima atafunda bulangeti?"

Mkuluyo anakhala pansi, nagwira pakamwa. "Ndiye fodya wa anthu ndimamupha ndine?"

"Sanafe. Komanso za fumbi simunaname, limaononga ndithu. Tingoliletsa njira ina."

Farida anatituma kukatenga neti yobiriwira yotsala kumabedi. Sekuru yemweyo ndiye anaikhomera pazenera ndi pakhomo, kuti mphepo izilowa koma fumbi lizitsalira kunja. Farida anapukuta fani ndi zitsulo zoziziritsira kuseri kwa bokosi, nayatsa. Kenako tonse atatu tinakhala pansi kudikira masana.

Mbiri inali itafika kale kukomboni. Mbuya Beatriz, akazi a Sekuru, anatulukira atagwira m'chiuno.

"Bulangeti langa! Mwezi wonse ndikulifuna, ndikunamizira ana a eni. Bambo inu, ine ndizigona pozizira, mkazi wanu wachiwiri wachitsuloyu akufunda?"

"Chete iwe, tikumvetsera makina," anayankha Sekuru, maso ali pakagalasi.

Dzuwa linafika pamutu, malata akuthetheka. Kanyali kanakhalabe kobiriwira. Dzuwa linapendeka, pampu ikulirabe. Farida anadzuka n'kuyamba kutsata paipi kulowera kumunda, ife pambuyo.

Kumabedi tinapeza amayi atataya ndowa zawo m'mphepete, akukokerana mapaipi. Madzi ankafika mpaka bedi lomaliza, lija linachita chikasu. Mmodzi anayamba nthungululu, ena nalandira, ndipo malume a Kassimu, munthu wosakonda phokoso, anavula chipewa chawo n'kuchikweza m'mwamba.

"Farida! Mwana wanga ameneyo!"

Iye anagwada pabedi lomalizalo, nalowetsa chala m'dothi kuona ngati madzi alowa pansi.

"Izi zidzuka," anatero. "Thirirani mpaka dzuwa lilowe, lero siizima."