Kapasita Wooneka Ngati Switi

Tiwonge anawachenjeza. Anati kapasita, kachipangizo kosunga magetsi, amene ankafuna kuikayo analembedwa 10, pamene wotupa amene anachotsayo analembedwa 35, ndiye wamng'onoyo sangapirire moto. Mwamuna wake Lameck, wokonza mawailesi ku Misuku, anangoti apite akaone mwana. Amuna ena anaseka. Mkazi wosiyira sukulu Fomu 3 chifukwa cha mimba angadziwenji?

Atayatsa jenereta ya mishoni kunamveka phuu! Utsi kuti tolotolo.

Chinthucho chinali limba lamagetsi, lija amati sinthesaiza, limene mphunzitsi wina wachizungu anasiyira kwaya kalekale. Chaka chimenecho, 1985, linkayenera kutsogolera nyimbo za amayi pamsonkhano wa chipani Loweruka masana. A tcheyamani a nthambi ananunkhiza utsiwo, n'kunena motsitsa mawu kuti likapanda kulira bwino, iwo akanena kuboma kuti Lameck waliwononga dala. Munthu akanenedwa choncho ankakwezedwa galimoto, tsiku lobwera osadziwika.

Ndi mantha, Lameck anaika pansi chitsulo chowotcherera, osafunanso kulikhudza limbalo. Tiwonge nayenso mtima unali m'mwamba, komatu chidwi chinamukulira. Mwana wake Dinah ali kumbuyo, anakhuthulira palichero zidutswa zonse za mawailesi akufa. Bwanji makapasita ooneka ngati timigolo ali ndi mzere mbali imodzi? Anasuzumira m'limbamo, n'kuona kuti mwendo wa kumzereko uli ndi bowo lakelake. Anapeza wina wofanana ndi wakale nambala zonse, kupatula ya moto, imene inali 50. Anaganiza kuti wopirira moto wambiri sangadandaule ndi wochepa. Anawotcherera yekha, chitsulo akutenthetsa pamakala.

Limba linadzuka.

Koma linadzuka ndi khalidwe lachilendo. M'mawa, nkhungu ikadali m'minda ya khofi, linkagwirizana ndi kwaya bwinobwino. Dzuwa likatentha malata, mawu ake ankatsetsereka pang'onopang'ono mpaka amayi kumayang'anana. Ena anayamba kunong'ona kuti alilodza.

Lachitatu m'mawa Tiwonge anaviika supuni m'madzi otentha, n'kuipukuta. Anauza Lameck adine kiyi imodzi osasiya, iye n'kumayandikiza supuniyo kwa makapasita ang'onoang'ono, mmodzimmodzi. Ooneka ngati switi m'pepala lake sanasinthe kanthu. Atafika pa kena kofiirira, kaphanthiphanthi ngati batani la malaya, mawu aja anatsetsereka pomwepo.

Lameck anavomera kuti kameneko anakaika ndi iye chaka chatha, chifukwa nambala yake inali yomweyo.

"Nambala ndi yomweyo, bambo a Dinah, koma mtundu ndi wina. Aka kamamva kutentha."

Palichero panalibe wa switi ngakhale mmodzi. A Esau, wotsogolera kwaya, anakumbukira kuti ku Kaseye abambo a mpingo ali ndi limba lakufa m'chipinda chosungiramo katundu. Koma Kaseye ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo Lameck akanati wachoka pamudzi, a tcheyamani akanati wathawa.

Inu amene munapitako ndi wailesi pakhonde la Tiwonge ku Chitipa boma, mumampeza Lameck akumupatsira zida, wamoyo, wonenepa. Tsiku limenelo iwo sankadziwa zimenezo. Ankangodziwa kuti kwatsala masiku atatu. Choncho inu amene sukulu inakuthawani, amene mukalankhula amakuuzani kuti mukaone mwana, musaleke kufunsa kuti bwanji. Osataya mtima.

Dzuwa likupendeka, Tiwonge anajambula kapasita wa switi wofunikayo pachikuto cha kope, n'kulemba nambala yake kawiri. Anaika khadi la chipani pakona ya chitenje, n'kumanga mfundo, poti panjira amafunsa. Lameck anati adikire mwina Lachisanu kubwera lole ya khofi.

"Lachisanu ndikhala ndikubwerera," anatero Tiwonge. "Mukapemphe amama agone kuno ndi Dinah. Ine ndinyamuka tambala asanalire."